Kapitao Wabwera ku Unit L

Bambo anga a Sailesi anayamba kuiwala anthu mmodzimmodzi. Anayamba ndi anzawo a kutchalitchi, kenako aneba, kenako ine Fainess, mwana wawo weniweni amene ndimawachapira ndi kuwaphikira. Tsiku lina anandiyang'ana n'kundifunsa mwaulemu wonse kuti, "Mayi, kodi kwanu n'kuti?" Ndinapita kuseri kwa nyumba kukalira, osanama.

Munthu mmodzi yekha amene anatsala m'mutu mwawo anali mwana wanga Hector. Akangomva mawu ake nkhope inkawala. Chakudya ankalandira m'manja mwa Hector basi, kusamba ankalola Hector basi. Ife ena tikayandikira ndi mbale ankatseka pakamwa kuti gwa, ngati tabwera ndi poizoni. Ndiye mumvetse bwino: Hector akanati achoke m'mutu mwa mkuluyo, bambo anga akanatsala okhaokha pakati pa alendo m'nyumba yawo yomwe. Mnyamatayo ankadziwa zimenezi ndipo ankanyada nazo. Ntchito analibe, koma m'mawa uliwonse ankadzuka ali ndi munthu womudikira.

Koma Hector yemweyo ndi mlongo wake Eneless anali ndi misala yawoyawo. Ankajambula nkhani za zithunzi, zija za anthu amphamvu zodabwitsa ovala zothina, kenako n'kumazisewera panja wina akuwajambula pa foni, n'kuziponya pa intaneti. Ngwazi yawo inali Namphenzi, mkazi wotulutsa moto m'zikhato, mtetezi wa Unit L yonse, dera lathu lino la ku Chitungwiza. Namphenziyo anali Eneless atavala zakuda, kumsana atapachika katani yanga ya kuchipinda imene mpaka lero sinabwerere pazenera. Kudera lina la Zengeza 1 kunalinso gulu lina la misala yomweyo. Mtsogoleri wake anali Brendon, chimnyamata cha chifuwa ngati filiji, ndipo ngwazi yake inali Chigayo, munthu amene chilichonse chimene wachimenya ndi chibakera chimasanduka ufa. Chigayoyo anali Brendon yemweyo.

Magulu awiriwa ankanyozana pa foni usana ndi usiku. Ati Namphenzi akhoza kumuwotcha Chigayo asanakweze n'komwe dzanja. Ati ayi, Chigayo akhoza kupera mphenziyo n'kuphikira phala. Anthu aakuluakulu, ena a ndevu, kukangana mpaka kutukwanizana makolo chifukwa cha anthu oti kulibe! Mapeto ake anagwirizana kuti ngwazi ziwirizo zikumane m'nkhani imodzi, ziyambe zamenyana zokhazokha, kenako zigwirizane polimbana ndi mdani woti mmodzi sangamuthe.

Mdaniyo anamupeka Hector, ndipo anamutcha Kapitao.

Sanamutenge patali. Bambo anabwera kuno kuchokera ku Dedza ali kamnyamata, ndipo moyo wawo wonse anauthera m'mapulazi a fodya mpaka pamene tinasamutsidwa n'kudzagwera ku Chitungwiza. Mutu utayamba kusokonekera, ankati akamadya n'kumang'ung'udza za kapitao wina wa masiku amenewo: kabudula wa khaki, chipewa chokhala ndi nthenga ya nkhanga, wenzulo pakhosi, chikoti m'manja. Sanali mzungu ayi, anali munthu wa kwathu komwe, wolankhula Chichewa chomveka bwino. Hector ankadyetsa agogo ake uku akutola zonsezo. M'nkhani yake, Kapitao akamenya simbi, chitsulo chija chimene chinkadzutsa anthu a m'komboni kusanache, nthawi inkang'ambika pakati, iye n'kutulukira m'masiku athu ano ndi alonda ake, kudzagwira zidzukulu za anthu amene anathawa papulazi asanamalize mgwazo wawo, ntchito ija yopimiridwa ndi kapitao.

Nditaona zithunzizo thupi linachita tsemwe. Ine ndinabadwira m'komboni, simbi ndimaidziwa. Ndinkadziwanso chinthu chimodzi chimene bambo sankachitchula kawirikawiri. Anali ndi mlongo wawo Lisnet amene anabwera naye kuchokera kumudzi. Tsiku lina kapitao uja anamukoka pamzere wa antchito n'kupita naye kushedi ya fodya, bambo ataima pomwepo ndi khasu m'manja, osachita kanthu chifukwa cha mantha. Lisnet sanakhalitse pambuyo pake, anamwalira. Ndinawauza anawo zimenezi mosabisa.

"Masewera anuwa kachitireni kutali," ndinatero. "Agogo anu asaone chipewa chimenecho, asamve chitsulo chimenecho. Mwamva?"

"Mhamha, mutambo chete," anayankha Hector m'Chishona chake, kuti ndi sewero chabe. Ana angawa Chichewa amamva chonse, koma kuti akuyankhe m'Chichewa ndiye uyambe wawagwira pakhosi.

"Ndati mwamva?"

"Tamva, Mhamha."

Ndipo kwa kanthawi anamveradi. Ankakajambulira pabwalo lina la fumbi kuseri kwa mashopu, pansi pa mawaya a magetsi, pa nthawi imene bambo ankagona masana. Tsiku lina ndinapatukirako pochokera kumsika, kuti ndikaone chimene chikunditheretsa makatani.

Ndinapeza nkhondo ili pakati. Chigayo anathamangira Namphenzi ndi zibakera zake za makatoni zopakidwa penti ya siliva, n'kuphwanya mulu wa njerwa zosawotcha kuti phwa, fumbi koboo. Eneless anadumpha, anamuponda m'nthiti ndi chidendene, ndipo kumeneko sikunali kusewera, Brendon anabuula zenizeni. Anamugwira mwendo, anamuzunguza, anamuponya pamatayala akale. Mwana wanga wamkazi anadzuka chigongono chikutuluka magazi, akuseka, n'kumuwaza mchenga m'maso, ati ndiye mphenziyo, moto wake adzauikamo pa kompyuta. Anagwirana makosi, anagubuduzana m'fumbi, ana a m'dera lonselo akukuwa. Kenako chinalira chitsulo.

Anali atapachika chimbale chakale cha pulawo pamtengo. Hector anatulukira kuseri kwa chulu ali mu khaki, anyamata awiri ovala masaka ali pambuyo pake. Ine mwana ndinabala ndekha, koma sindinamuzindikire msanga. Kayendedwe kanali ka munthu wina, mapewa kumbuyo, mimba patsogolo. Alonda aja anamugwira Chigayo manja. Kapitao anamenyanso simbi, ndipo malinga ndi nkhaniyo onse anagwera m'chaka chamakedzana, kumene Chigayo analibe mphamvu, anali wantchito wamba wanjala. Anamuvula zibakera zija, anamugwaditsa, chikoti chinayamba kulira pamsana. Pansi pa malaya anali ataikapo katoni, koma phokoso lake linali lomwelo. Tomato sosi anayenderera mpaka m'chiuno. Namphenzi anabwera kudzamulanditsa, Kapitao anamutchera mwendo, n'kumuponda pakhosi ndi jombo.

"Iwe Mnyasa, dzuka!" anakuwa Hector. "Agogo ako anasiya mzere, ukaumaliza ndiwe!"

Chichewa chosalala, chopanda chilema, choyamba kuchimva m'kamwa mwa mwana wanga chikhalire. Anali atachiloweza kuchokera kwa agogo ake, mpaka kakwezedwe ka mawu. Anthu anaomba m'manja. Ine ndinanyamula dengu langa n'kumapita.

Chinatsala chinali chigawo chomaliza, pamene Kapitao akukokera Namphenzi ku nthawi yakale, Chigayo n'kudzuka kudzamuphwanya. Anapangana Loweruka. Atafika pabwalo paja anapeza padzaza mapositoli ovala zoyera, akupemphera, ndipo sanafune n'komwe kumva za kusuntha. Anayesa kumashopu, mahwindi, anyamata oitanira anthu m'makombi, maminibasi a kuno, anawathamangitsa. Dzuwa linali likupendeka, anyamata a ku Zengeza akudandaula kuti abwera ulendo wachabe, foni yojambulira batire ili pafupi kutha. Wina anati, bwanji pamsewu wa kwanu, si mphindi zochepa chabe? Hector analowa m'nyumba, anasuzumira, anapeza agogo ake ali m'tulo tofa nato. Anatseka chitseko bwinobwino. Chimbale chija anachipachika pamtengo wa mapeyala umene uli pageti pathu.

Ine ndinali pamzere wa kumjigo kumapeto kwa msewu, chifukwa m'mipopi mwathu madzi amabwera ngati mlendo. Ndinali nditangotsala pang'ono kufika pampopi pamene ndinamva.

Ngwee! Ngwee! Ngwee!

Amayi ena achikulire amene anali patsogolo panga, nawonso a m'mapulazi, anadzidzimuka mpaka kutaya chigubu. Ine ndinasiya mabaketi pomwepo n'kuliyatsa liwiro. Pa msinkhu wangawu sindithamanga, koma tsiku limenelo patapata mmodzi anatsala m'ngalande.

Ndikutulukira pakona ndinaona zonse nthawi imodzi. Hector mu khaki, nthenga ya nkhanga ili njo, atamugwira Eneless tsitsi akumukokera kugeti, iye akukuwa monga mmene anapanganirana. Brendon atagona chafufumimba pamsewu, akudikira nthawi yake yodzuka. Mtsikana wojambula atawerama ndi foni. Ndipo kumbuyo kwa onsewo, pakhomo la nyumba yanga, bambo ataima opanda nsapato, m'manja muli khasu la kudimba.

Munthu amene ankafuna kugwiridwa mkono popita kuchimbudzi anadutsa bwalo lija ngati mnyamata.

"Hector!" ndinakuwa. "Kumbuyo!"

Anatembenuka mochedwa. Khasu linatera paphewa ndi msana wake, ndipo ndinamva fupa likuthyoka ndili patali. Hector anagwada, dzanja lili lendee. Anthu oonerera anayamba aseka, ena mpaka kuomba m'manja, ankayesa kuti mkuluyo ali m'seweromo. Wojambula uja anasendera pafupi kuti aone bwino.

"Musiye!" anabangula bambo. "Musiye Lisnet, galu iwe!"

Anakwezanso. Hector anatchinga ndi mkono wabwinowo, mpini unamenya pachigongono, khasu linatsetsereka n'kumung'amba kuyambira pachipumi mpaka patsaya. Chipewa chinagwa. Magazi anathovoka, ndipo amene ankaseka aja anasiya, chifukwa tomato sosi satuluka chotero.

"Sekuru! Ndini! Ndini Hector!" anakuwa m'Chishona, kuti agogo, ndine.

Koma nkhope imene inkanena zimenezo inali itafiira yonse, ndipo khaki anali yemwe uja. Eneless anayamba kukuwa zenizeni tsopano, ndipo kukuwa kwakeko kunangothira mafuta pamoto. Bambo ankamva mlongo wawo akulira. Anamenya m'nthiti. Anamenya pamsana. Hector akanatha kuwakankha ndi phazi limodzi n'kuwagwetsa, mkulu wopepuka ngati mtolo wa mapesi, koma sanatero. Anangodzipinda pansi n'kubisa mutu, akuitanabe, "Sekuru, Sekuru."

Brendon, Chigayo wathu wophwanya mapiri, anadzuka n'kuima kakasi, zibakera za makatoni zili m'manja. Atakumbuka kuti ndi mwamuna anathamangira kukagwira khasu, koma ndi makatoni aja sakanagwira kanthu. Mpini unamupeza pakamwa, dzino linagwera pamsewu, iye n'kukhala pansi kuti khu. Alonda a masaka aja anali atalumpha kale mpanda wa aneba.

Ndinafika n'kuwakumbatira bambo chakumbuyo. Anandigunda ndi chigongono pamphuno mpaka ndinaona nyenyezi, koma sindinasiye. Tinagwa tonse awiri. Ali pansi pomwepo anakwawa, anamugwira Hector kolala, n'kumuluma khutu. Zinatengera amuna awiri a m'nyumba zoyandikana kuti awachotse, wina kupinda zala zawo chimodzichimodzi.

Atawaimiritsa, akupuma mwawefuwefu, magazi ali pandevu, anayang'ana uku ndi uku mpaka anamupeza Eneless. Anamugwira nkhope ndi manja onse awiri, mofatsa.

"Usalire, Lisnet," anatero. "Lero sindinaime chabe. Waona? Lero sindinaime chabe."

Ndakhala ndikumva zowawa pa moyo wanga, ndinaika mwamuna m'manda, koma mawu amenewo anandipweteka kuposa mphuno yanga yothyokayo. Mkuluyo anali akumwetulira.

Hector tinamunyamula pa kagalimoto ka aneba kupita kuchipatala. Phewa lothyoka, nthiti zothyoka, khutu analisoka, diso la kumanzere madokotala analephera kulipulumutsa. Apolisi anabwera, anaona mkulu wosadziwa ngakhale dzina la mwana wake, anapukusa mitu n'kubwerera. Atangotsitsimuka, chinthu choyamba chimene Hector anandifunsa sichinali za diso.

"Mhamha, Sekuru adya?"

Anali akudya, inde. Ankadya m'manja mwa Eneless, amene tsopano anali Lisnet, ndipo mtsikanayo ankavomera dzinalo misozi ili m'maso. Zaka zonsezi sindinawaonepo bambo ali osangalala chotero. Ankaimba nyimbo za kumudzi, ankagona tulo tabwino, ndipo aliyense wodutsa pageti ankamuitana n'kumuuza kuti kapitao anamugwetsa ndi khasu, anthu onse akuona. Koma madzulo aliwonse ankayang'ana kumsewu n'kufunsa, "Kodi Hector ali kuti? Mwana ameneyu wachedwa. Ndikufuna ndimuuze ndekha."

Ndinamuuza Hector zimenezo, ndipo zinamulimbitsa mtima. Ankati bola akumukumbukira, zina zonse zidzakonzeka. Atatuluka m'chipatala ndinamupempha kuti ayambe wakhala kwa Brendon ku Zengeza 1 mpaka nkhope itaphwa. Anadikira mpaka mabandeji onse atachoka. Kenako Lamlungu lina titaweruka kutchalitchi anabwera, atavala malaya ake a masiku onse amene agogo ake ankawadziwa, atameta bwino, m'manja muli mabanzi amene mkuluyo amakonda.

Bambo anali pampando pakhonde, ine ndili pambali pawo ndikusenda mbatata. Hector anatsegula geti pang'onopang'ono.

"Masikati, Sekuru," anawapatsa moni.

Bambo anakweza mutu. Anayang'ana chipsera chija, anayang'ana diso lotsekekalo. Sanakuwe. Anandigwira dzanja mwamphamvu mpaka mpeni unagwa, n'kundikokera pafupi.

"Mayi," ananong'ona, koma mawu ake ankamveka mpaka pageti, "wadzuka. Sanafe. Wabwera kudzabwezera."

"Bambo, ameneyu ndi Hector. Mdzukulu wanu. Tamuyang'anani bwino."

"Chipsera icho ndinamuika ndine, ndingachiiwale? Tamverani, mayi, chonde. Ine ndakalamba, andichite chimene akufuna. Koma pali mwana wanga pano, Hector. Thamangani mukamubise. Asamuone. Ameneyu amatenga ana."

Hector anaima pakati pa bwalo, pepala la mabanzi lili m'manja. Anayesanso. Anawaimbira kanyimbo kamene ankawaimbira powasambitsa, anawakumbutsa za nkhunda zimene ankaweta limodzi. Chilichonse chimene ananena chinkangowonjezera mantha. "Wadziwa bwanji zimenezo?" bambo ankandifunsa. "Wamugwira kale? Wamuchita chiyani mwana wanga?" Anayamba kulira ngati khanda, akuyesa kudzuka, maso akufunafuna khasu limene tinali titalibisa kalekale. Mkodzo unayenderera pansi pa mpando.

Ndinamuyang'ana mwana wanga. Ndinali nditakwiya naye, osabisa, ndinali nditamuchenjeza. Koma pa nthawi imeneyo mkwiyo unali utatha, kunangotsala chisoni.

Hector anaika mabanzi pansi. Anapukuta diso lake limodzilo ndi mkono. Kenako anagwada m'fumbi patsogolo pa khonde, anaweramitsa mutu, n'kuomba m'manja monga amachitira munthu wogonja. Analankhula m'Chichewa, ndi mawu aja okhuthala a m'sewero.

"A Sailesi, mwandigonjetsa. Lisnet sindidzamukhudzanso. Hector wanu sindinamuone, ali bwino. Ndikubwerera kwathu, ndipo kuno sindidzapondanso."

Bambo anasiya kulira. Anamuyang'ana nthawi yaitali, chifuwa chikukwera ndi kutsika.

"Lumbira," anatero.

"Ndalumbira."

"Choka."

Hector anadzuka, anatuluka, anatseka geti bwinobwino kuti lisachite phokoso. Ndinamuona akutsika ndi msewu wa kokwerera makombi, phewa limodzi lili lotsika, osacheuka. Ndinafuna kumuthamangira koma bambo anali asanandisiye dzanja.

Anadikira mpaka atazimiririka pakona. Kenako anapuma mpweya wautali, anawongola msana, n'kundisisita padzanja pamene anandifinya paja.

"Basi, mayi, zatha," anatero. "Tsopano pitani mukamuitane Hector. Muuzeni atuluke, abwere kunyumba."